Kiyi Wachitatu wa Achidendene

Akuti Achidendene anameza kiyi. Akuti anameza dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa anthu mazana atatu, osatsitsira ngakhale madzi. Mayi wogulitsa nthochi pageti la chipatala, yemwe anaona zonse ndi maso ake ngakhale anali atayang'ana kumbali, amalumbira kuti anamva kiyiyo akutsika kukhosi, ngwe, ngwe, ngwe, ngati dona wovala gogoda akutsika masitepe. Ena akuti mdalayo akamayenda masiku ano amalira ngati belu la njinga. Wokonza mawailesi wafika ponena kuti maginito ake anadumpha patebulo n'kukawamata pamchombo. Chifukwa chakenso, akuti, aliyense akuchidziwa: anadya chibanzi cha akuba mankhwala, kiyiyo anali wotsitsira chabe.

Nkhani yeniyeni inayenda chonchi.

Achidendene ndi wosoka nsapato. Zaka makumi awiri ndi zitatu akhala pansi pa malata atatu moyang'anana ndi geti la chipatala, pakabenchi kamene kanawaloweza kale matako. Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi akazi awo okha, nawonso amayamba aganiza kaye. Zida zawo ndi hamala ya mpini womanga ndi mphira, zingano ziwiri, ulusi, chitini cha guluu, ndi choko. Chokocho ndiye chipembedzo chawo. Nsapato ikangofika, asanafunse chavuta n'chiyani, amaigadabuza n'kulemba dzina la mwini wake kunsi.

"Chinthu chopanda dzina chimasochera," amatero. Anawauza zimenezi makasitomala, anawauza ana awo, anawauza ngakhale agalu odutsa.

Nesi wina anasiyapo nsapato imodzi. Anasamutsidwa, anakwatiwa, anabereka, ananenepa. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri anabwera kudzazonda wodwala, n'kumva mawu kutsidya kwa msewu: "Asisitala! Yanu ija inatha kalekale!"

Ndiye pamene anthu a bungwe lolimbana ndi katangale anabwera kuchokera ku likulu kudzakhazikitsa komiti ya anthu wamba yolondera chipatala, panalibe zovota. Anthu anangoloza kumalata atatu kuja. Komitiyo anaiphunzitsa masiku atatu mu holo, ndi mapepala akuluakulu omata pakhoma, kenaka anaisiyira bokosi lachitsulo la madandaulo, lokhomedwa pakhoma pomwe odwala amadikirira. Bokosilo linali ndi maloko atatu, kuti munthu mmodzi asalitsegule yekha. Kiyi woyamba anapita kwa Atcheya, mphunzitsi wopuma amene amayenda ndi kabuku ka malamulo a komiti m'jumbo ngati chiphaso chakumwamba. Wachitatu anapita kwa Achidendene, omwe anamumanga pachingwe n'kumuvala m'khosi. Wachiwiri, poti anawaphunzitsa kuti ulamuliro wabwino ndi kugwirira ntchito limodzi, anamupereka kuchipatala. Achipatala anangomuponya kwa munthu amene amasunga makiyi onse: Asitolo, woyang'anira chipinda cha mankhwala. Mbuzi anaipezera mlonda, mlondayo fisi, ndipo anthu anawomba m'manja.

Lamulo lalikulu la bokosilo linali lakuti miyezi itatu iliyonse, Lachisanu lomaliza, lizitsegulidwa poyera, kalata iliyonse iwerengedwe mokweza, osachotsa, osawonjezera. Kwa zaka ziwiri mwambowu unayenda bwino kwambiri, chifukwa m'bokosimo munkapezeka za zimbudzi zonunkha, makoko a nthochi, ndi kalata imodzi yofunsira nesi.

Koma kunyumba kwa Achidendene kunali bipi, matenda othamanga magazi aja. Akazi awo amamwa kapilisi kamodzi patsiku, akaphonya miyendo imatupa ngati mitsamiro. Pawindo la chipatala yankho linali limodzi: "Atha, kaguleni." Akapita kukagula kukasitolo ka kuseri kwa msika, ankapeza mapilisi omwewo, chidindo cha boma chakuti osagulitsa chili phe pakabokosi.

Mwana wawo wamkazi, Make Mapasa, amakolopa m'chipatala momwemo. Mwamuna wake anapita kukafuna ganyu mapasawo akukwawa, pano akuwerenga, iye akufunabe. Ntchito yokolopayo ndi ya miyezi itatuitatu, ndipo mndandanda wa opitiriza amalemba ndi Asitolo, poti iwowo amalemba chilichonse.

Lamlungu masana, kutatsala masiku asanu kuti bokosi litsegulidwe, Make Mapasa anawapeza bambo ake akusoka sandasi pakhonde.

"Abambo, ndaponya kalata m'bokosi lanu lija."

"Wachita bwino. Za zimbudzi?"

"Za Asitolo. Lachiwiri lililonse nthawi ya nkhomaliro, galimoto yotenga zochapa imatuluka ndi makatoni a mankhwala pansi pa zofunda zakuda. Ndalemba masiku ake, nambala ya galimoto, ndi komwe imakatsitsa."

Achidendene anamva kukoma mpaka kuchala chachikulu. "Mwana wanga weniweni! Aone zakuda mbava ameneyo. Palibe amene wakuona ukuponya?"

"Palibe."

"Basi, sadzadziwa."

"Adziwa poti ndasaina."

Singano inalowa m'chala, iwo osamva.

"Wasaina chiyani?"

"Dzina langa. Lonse. Ndi nambala ya yunifolomu."

"Iwe! Unamwa chiyani?"

"Si inu mumati chinthu chopanda dzina chimasochera?"

"Ndimanena nsapato, mwanawe! Nsapato!"

Anayang'ana pabwalo pomwe mapasa ankalimbirana chiguduli cha mpira, anayang'ana kuchipinda komwe akazi awo anagona miyendo ili pamtsamiro. Pakhomo ponsepo, malipiro obwera tsiku lake anali a chikolopa chokhacho. Lachisanu Atcheya adzakonza kukhosi, adzawerenga kalatayo mpaka pansi, osachotsa, osawonjezera, Asitolo ali chilili pambali ndi kiyi wawo m'manja.

Lolemba analawirira kwa Atcheya. Anawapeza akuthirira maluwa atavala tayi.

"Atcheya, bwanji ulendo uno tiwerengere m'chipinda?"

"Ndime yachinayi," anatero Atcheya, osatsegula n'komwe kabuku. "Poyera."

"Nanga kalata itakhala ndi dzina, sitingalumphe dzinalo?"

"Osachotsa, osawonjezera. Achidendene, mwadwala? Katangale amayamba chonchi. Lero talumpha dzina, mawa tilumpha kalata, mkuja tilumpha bokosi."

Lachiwiri, nthawi ya nkhomaliro, anthu atachepa pamabenchi, munthu wokhulupirika kuposa onse m'dera lonselo anapaka guluu kunsonga kwa waya n'kuyamba kuwedza m'kamwa mwa bokosi. Anawedza khoko la nthochi. Anawedza chithunzi cha mwana wa eni ake. Anawedza kalata yachiwiri ya wofunsira nesi uja, yodandaula kuti yoyamba sinayankhidwe. Ali mkati mowedza, galimoto ya zochapa inadutsa kumbuyo kwawo, yolemedwa mpaka matayala kulira, dalaivala n'kuwaimbira hutala ya moni. Mlonda anabwera akutsotsombetsa ndodo.

"Madala, mukutani?"

"Ndikuchotsa kangaude."

Aka kanali koyamba kunama chibadwire, ndipo anabwerera kubenchi kwawo thukuta lili kamukamu ngati anyamula ng'ombe.

Lachitatu anatseka malo awo, chinthu chimene sanachite ngakhale tsiku lobadwa mapasa, n'kukwera basi yopita ku likulu. Anafika pa ofesi ya bungwe lija dzuwa lili pamutu. Pachitseko panali chithunzi chachikulu cha dzanja likukana envelopu, pansi pake loko wamkulu kuposa onse atatu a bokosi.

"Ali kuwekishopu," anatero mlonda wapamenepo.

"Ya chiyani?"

"Yophunzira kumvera anthu."

"Abwera liti?"

"Ikatha iyi pali ina."

Anasiya uthenga pakapepala, dzina lawo pansi. Mlondayo anakapinda bwinobwino n'kutsamiritsira mwendo wa mpando wake umene unkagwedera.

Pobwerera m'basi anaganiza mpaka mutu kutentha. Akadwala Lachisanu, adzabwera kudzatenga kiyi kunyumba. Akabisa m'chitini cha misomali, adzasecha. Kuponya m'chimbudzi ndiye ayi. Analumbira pamaso pa anthu kuti adzamusunga, ndipo munthu amene anasunga nsapato imodzi zaka zisanu ndi ziwiri sangataye kiyi wa anthu. Ankafuna malo oti kiyiyo asapezeke, koma asasochere.

Lachinayi m'mawa malowo anabwera okha, ali m'jumbo m'manja mwa Asitolo: nsapato yawo yamanzere. Asitolo amakoka phazi lamanzere poyenda, moti chidendene cha nsapato imeneyo chimatha miyezi iwiri iliyonse ngati sopo.

"Mdala, mawa kuli mwambo wanu uja. Ndikufuna ndiwale. Ikhale itatha pofika madzulo."

"Itha, bwana."

Anaigadabuza, analemba dzina ndi choko monga mwa nthawi zonse. Kenaka anayang'ana uku ndi uku, anakumba kadzenje m'chidendene, anavula chingwe m'khosi. Kiyi anagona m'kadzenjemo ngati anamuyeza. Anathira guluu, anaphimba ndi mphira watsopano, anakhoma misomali isanu ndi umodzi, napukuta mpaka nsapatoyo inkaonetsa nkhope. Madzulo mwini wake anaivala pomwepo.

"Manja anu, mdala, ndi a golide."

"Yendani bwino, bwana. Muziponda mosamala."

Lachisanu anthu anadzaza pamabenchi ngati kuli katemera. Atcheya anatsegula ndi pemphero, anawerenga ndime yachinayi, nalowetsa kiyi wawo. Loko woyamba, kwe. Asitolo anafika akuwala kuyambira kumapazi. Loko wachiwiri, kwe. Maso onse anatembenukira kwa Achidendene. Chakumbuyo, pakhomo la wodi, Make Mapasa anaima chikolopa chili m'manja, chibwano chili m'mwamba ngati munthu wodikira kuitanidwa dzina.

Achidendene anapisa dzanja m'khosi, natulutsa chingwe chopanda kanthu.

"Kiyi ali kuti?" anafunsa Atcheya.

Achidendene anangowaonetsa chingwecho.

"Madala, tili ndi ntchito ife!" anakalipa Asitolo akumenyetsa phazi lamanzere pasimenti. "Kiyi ali kuti? Ali kuti?" Funso lililonse, phazi pansi, phazi pansi. Achidendene ankangoyang'ana phazilo.

Anawasecha m'matumba. Anatuma anthu kukakhuthula zitini zonse kumalata atatu kuja. Anagwedeza nsapato za makasitomala imodziimodzi. Wina anati apite akasechenso kunyumba, pansi pa matilesi a akazi awo odwala aja. Apa m'pamene kukhosi kwa Achidendene kunauma gwa. Anayesa kumeza malovu, malovu anakana, anatsamwa, anagwira pakhosi maso ali tong'o.

"Wameza!" anakuwa mayi wa nthochi. "Mayo ine, wameza kiyi!"

Chipatala chinagwedezeka. Odwala amene anabwera atanyamulidwa anaimirira pamabenchi kuti aone bwino. Atcheya anagwira mdalayo paphewa.

"Achidendene, ngati n'zabodza nenani."

Pakamwa panatseguka kuti panene zoona, monga panazolowera. Koma anaona kuti osecha aja asiya kusecha. Palibe amene ankanenanso zopita kunyumba. Anatseka pakamwapo.

"Akajambulidwe m'mimba!" anatero wina. Anawakokera kuchipinda chojambulira, gulu lili pambuyo. Wojambula anatuluka akutokosa m'mano. Makina anafa chaka chatha, kachitsulo kake kena kanatuluka pageti sikanabwerere.

"Ndiye apatsidwe mankhwala otsegula m'mimba, tidikire!"

Gulu lonse linakhamukira pawindo la mankhwala. Mtsikana wapawindo sanadzutse n'komwe mutu.

"Atha. Kaguleni."

Anthu anaseka mpaka ena mabandeji kumasuka. Asitolo okha ndi amene sanaseke. Anaitanitsa sowo yodulira zitsulo. Mlonda anathamanga, anabwera nayo, anaiika kale pa loko wachitatu. Achidendene anaiyang'ana sowoyo. Zonse zija, bodza la kangaude, basi, misomali isanu ndi umodzi, zithere pa sowo?

"Imani!"

Atcheya anali atatulutsa kabuku m'jumbo, chala chili m'mwamba.

"Ndime yachisanu ndi chinayi. Loko wa bokosi sadulidwa, saphwanyidwa, sakanulidwa, pokhapokha pali nthumwi ya ku likulu. Lero tadula loko, mawa tidula bokosi, mkuja tidula chipatala."

Kuuma mutu komwe kunawakaniza Achidendene Lolemba kunawapulumutsa Lachisanu. Akanatha, akanawapsompsona tayi. M'malo mwake anaimirira mutu uli pansi pamene Atcheya omwewo ankawachotsa mu komiti, poyera, mokweza, osachotsa, osawonjezera.

Sabata yotsatira mndandanda wa okolopa unamatidwa pakhoma. Dzina la Make Mapasa linalipo. Koma mwini dzinalo anasiya kuwapatsa moni bambo ake.

"Ndinalemba kuti imveke," anawauza tsiku limodzi lokha, akuchapa mayunifolomu a mapasa osawayang'ana. "Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Mwanditsekera pakamwa ndinu, osati Asitolo. Anthu akuti munagulidwa. Ine ndiziti chiyani?"

"Ana awa akanadya kalata?"

"Nanga amayi akumwa chiyani?"

Galimoto ya zochapa inkatulukabe Lachiwiri lililonse, hutala ili pii. Makasitomala anayamba kudutsa ndi nsapato zawo zong'ambika kupita kwa wosoka wa kumsika, amene amasokoneza zamanzere ndi zamanja. Obwera okha anali ofuna kuika khutu pamimba.

Ndiye tsiku lina panafika Asitolo. Anakhala pabenchi ya makasitomala, anayang'ana uku ndi uku.

"Mdala, ine poyamba sindinamvetse. Ndinkafuna tidule, tithane nazo. Koma ndamva mphekesera kuti m'bokosi muja muli zinthu zosayenera kumveka. Mwatithandiza. Ndinu munthu wamkulu." Anatulutsa kabokosi ka mapilisi a bipi n'kukaika pambali pa chitini cha guluu. "Ka amayi kunyumba. Akatha mundiuze."

Ananyamuka akukoka phazi lamanzere.

Achidendene anakagadabuza kabokosiko mwa chizolowezi, choko chili m'manja. Dzina linalipo kale: chidindo cha boma, osagulitsa. Anakhala nako tsiku lonse. Anakaika m'chitini, anakatulutsa. Ananyamuka kawiri kuti akabweze pawindo, kawiri konse anakumbukira miyendo ija, yotupa mpaka khungu kunyezimira, ndi mpweya wa akazi awo ukulira ngati pampu yotha. Dzuwa litapendeka anakaika m'thumba la jekete n'kupita nako kunyumba. Akazi awo anamwa osafunsa. Koma Achidendene chakudya chinawakanika.

Chimene kapepala kawo kanalephera, mphekesera inachita. Nkhani ya mdala womeza kiyi inafika pa wailesi, owulutsa n'kumaseka nayo m'mawa wonse. Patatha milungu isanu, galimoto yoyera ya bungwe lija inaima pageti. Munatuluka mayi wa magalasi, nthumwi ya ku likulu, wekishopu itamulola. Anamvetsera Atcheya, anayang'ana maloko, anayang'ana Asitolo amene ankamwetulira mopitirira muyezo. Kenaka anati bokosilo lizulidwe pakhoma momwe lililimo, akalitsegulira ku likulu pamaso pa ofufuza.

Kumwetulira kwa Asitolo kunagwa pansi ngati mbale.

Pamene mlonda ankamasula mabawuti, Achidendene anadutsa pakati pa gulu nagwada pamapazi a mayiyo.

"Mayi, lamba wa nsapato yanu akuduka. Taimani."

Lambayo anali bwinobwino. Akunamizira kumukoka, analankhula chapansipansi, maso ali pa nsapato.

"Muli kalata imodzi yokhala ndi dzina. Ndi mwana wanga, ali ndi mapasa. Werengani zonse, musachotse kanthu. Dzina lokhalo lisabwerere kuno."

Mayiyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndamva, bambo."

Anangoti choncho basi. Kaya ndi kumva kwenikweni, kaya ndi kumva kwa kuwekishopu, adziwa ndi Mulungu. Bokosi linalowa m'galimoto, maloko ake atatu akulendewera, chitseko chinatsekedwa. Pakhoma panatsala mabowo anayi.

Asitolo ananyamuka mofulumira kulowera kuchipinda chawo, foni ili kale kukhutu. Milungu isanu ya kukoka phazi inali itadya mphira uja. M'khonde lokolopedwa kumene, nsapato yamanja inkati phwa, yamanzere inkati ngwe. Phwa, ngwe. Phwa, ngwe. Palibe amene anaziika kumtima, kupatula munthu mmodzi amene anakulira pansi pa benchi ya wosoka nsapato. Make Mapasa anaimitsa chikolopa. Anayang'ana chidendenecho mpaka chinakhota pakona. Kenaka anatembenuka n'kuyang'ana bambo ake, koyamba m'milungu isanu, dzanja lili pakamwa.

Gulu linali litawazungulira kale.

"Madala, bokosi lapita, tiuzeni tsopano!" anatero mayi wa nthochi. "Anatuluka kapena akadali momwemo?"

"Anakupatsani chiyani akubawo?" anafuula wina kumbuyo. "Munalandira kapena simunalandire?"

Funso lachiwirilo linawalasa m'thumba la jekete, momwe munadutsa kabokosi kaja. Analisiya lipite. Anadikira mpaka galimoto yoyera itatuluka pageti n'kulowa mumsewu. Anasasa fumbi m'maondo, anakonza kukhosi komwe dziko lonse linkakunena, nalankhula mokweza kuti ndi a kuwodi omwe amve.

"Ine sindinameze kiyi."